Kodi kukonza maluwa ndi luso lenileni, kapena n'kungodzaza mtsuko?

NaPhiri wa ku Zomba:
Moni nonse apagulu. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Lamulungu. Ine ndi amene ndimakonza maluwa a paguwa kutchalitchi kwathu, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Sabata yathayi mvula yamphepo inagwetsa maluwa onse pakhomo panga, ndinangopulumutsa akakombo atatu oyera. Ndiye ndinathyola nthambi imodzi ya paini yokhota ndi tsamba limodzi la kanjedza, n'kuziimika mumtsuko wadothi pamodzi ndi akakombowo. Basi. Zinali zochepa, koma pa zaka zonsezi sindinakonzepo chinthu chondikhazika mtima pansi ngati chimenecho.

Titaweruka, mayi wina anandikokera pambali n'kunena kuti guwa laoneka ngati mpingo wasauka, ulendo wina ndidzanene asonkhe ndalama tigule apulasitiki. Koma mnyamata wina wa kukwaya anati, "Amayi, zimene mwachitazi ku Japan amati ikebana." Dzinalo ndinali ndisanalimvepo. Amene mukudziwa tandiuzeni, kodi kuika maluwa mumtsuko kuli ndi mbiri yake? Ndi luso lochita kuphunzira ngati kusema ndi kuumba, kapena ndi kantchito chabe ka amayi Loweruka madzulo?

Thoko:
Amayi, tumizani chithunzi tione nawo.

NaPhiri wa ku Zomba:
Ndi chimenecho mwanangu.

a Gondwe:
Mayi NaPhiri, mnyamatayo sanalakwe. Ndinakhalako ku Japan pa maphunziro a ulimi wa mpunga, ndipo tsiku lina anatitengera ku Kyoto. Pakati pa mzindawo pali kachisi wa Chibuda wotchedwa Rokkaku-dō, wa ngodya zisanu ndi imodzi, ndipo pambali pake pali likulu la sukulu ya maluwa ya Ikenobō, yakale kuposa zonse m'dzikomo. Dzinalo limatanthauza kanyumba ka wansembe ka m'mbali mwa dziwe.

Chiyambi chake n'chimodzimodzi ndi ntchito yanu. Chibuda chitafika ku Japan m'zaka za m'ma 500, chinabwera ndi mwambo woika maluwa paguwa ngati chopereka, pamodzi ndi lubani ndi nyali. Ansembe ndi amene ankawakonza. Mu 1462 mmonke wina analemba m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku kuti wansembe wa pa kachisi uja, Ikenobō Senkei, anakonza maluwa mumtsuko wagolide, ndipo anthu a mu Kyoto anakhamukira kukaona. Chomwe chinawakoka si maluwawo, poti maluwa ankawaona tsiku ndi tsiku. Linali dzanja la munthuyo.

Kuchokera apo kunakula kakonzedwe kotchedwa rikka, kutanthauza maluwa oimirira. Mu rikka nthambi iliyonse ili ndi dzina ndi udindo wake. Poyamba nthambi zikuluzikulu zinali zisanu ndi ziwiri, kenako zinafika zisanu ndi zinayi. Ina imaimira nsonga ya phiri, ina mathithi, ina mudzi wa m'munsi, moti mtsuko umodzi umasenza dziko lonse, ndipo zonsezo zimatuluka m'madzi ngati tsinde limodzi. Chinanso, oyamba onse anali amuna: ansembe, a kunyumba yachifumu, ankhondo aja a samurai. Amayi anadzachuluka pambuyo pa 1868, luso ili litayamba kuphunzitsidwa kwa atsikana ngati gawo la maleredwe abwino.

Mayi a Tamanda:
Pepani ndilowererepo ngati munthu wodya za maluwa. Ndakhala ndikukongoletsa malo a maukwati muno mu Lilongwe kwa zaka zambiri. Chithunzi cha achemwali anga a NaPhiri n'chokongola, sindikutsutsa. Koma mkwatibwi amene walipira ndalama zake, ine ndikamuikire akakombo atatu ndi nthambi ya paini patebulo la akwati, mawa lake dzina langa latha. Ife kuno chisangalalo timachionera pa kuchuluka. Nsima ichuluke, anthu achuluke, maluwa achuluke. Mayi amene anadandaula uja musamuone ngati wosadziwa zinthu, analankhula zomwe ambiri paja anaganiza mumtima. Za ku Japanzo ndi zawo, zili ndi chikhalidwe chawo.

Bambo Mbewe:
Mayi a Tamanda, mfundo yanu ili ndi mbiri yaitali kuposa ya a Gondwe, ndikuikireni kumbuyo pang'ono. Ndaphunzitsa mbiri yakale kusekondale mpaka kupuma, ndipo nkhani ya maluwa a ku Iguputo ndinkaikonda kuiuza ana.

Aiguputo akale ankaika maluwa m'mitsuko ndi m'mbale, zithunzi za m'makoma a manda awo zikuonetsa zimenezo. Duwa lawo lalikulu linali lija la pamadzi, lobiriwira ngati thambo, lomwe limatseguka m'mawa n'kutseka dzuwa likakwera. Ankamanganso mitolo italiitali ya maluwa, osanjikiza mizeremizere pa phesi la gumbwa, yonyamula popita kukapereka kukachisi. Amenewo sankaumira ayi.

Manda a mfumu Tutankhamun, yomwe inamwalira cha m'ma 1323 Yesu asanabadwe, anapezeka mu 1922 ndi Howard Carter. Atafika potsegula mabokosi a mtembo, anapeza nkhata za maluwa zidakalipo, zouma. Pachipumi pa chifaniziro cha mfumuyo panali kankhata kakang'ono ka masamba a azitona ndi maluwa. Akatswiri a zomera ataona mitundu ya maluwawo anatha kunena nyengo yomwe mfumuyo inaikidwa, pakati pa Malichi ndi Epulo, chifukwa ndi pamene maluwa amenewo amamasula ku Iguputo. Taganizani, golide yense uja anali m'mandamo, koma munthu wina anakhalabe pansi n'kusoka masamba ndi timaluwa pa ulusi wa gumbwa, akudziwa kuti mawa zifota.

Agiriki ndi Aroma iwo sankasamala kwambiri za mtsuko. Chawo chinali nkhata za kumutu ndi zokoleka m'khosi ndi pamakomo. Wopambana pa masewera a ku Olympia ankavekedwa nkhata ya masamba a azitona. Ndi nkhata za pa masewera ngati imeneyi zomwe Paulo akunena polembera Akorinto kuti othamanga amalimbira korona wakuvunda.

Thoko:
Ndiye nkhata zomwe timayala pamanda zija zinachokera kutali chonchi?

Bambo Mbewe:
Njira yake ndi yaitali, Thoko, inadzera ku Ulaya, kenako inafika kuno ndi amishoni ndi atsamunda. Koma tisathamange, tifikako.

a Gondwe:
Ndiyankheko Mayi a Tamanda. Musaganize kuti Ajapani anabadwa okonda zochepa. Rikka ija inafika pokhala chionetsero cha anthu olemera, mitsuko ikuluikulu ya m'nyumba za akalonga, aliyense kufuna kuposa mnzake. Kukonda zochepa kunabwera ngati kutsutsa zimenezo, ndipo kunabwera ndi anthu a mwambo wa tiyi.

Mkulu wawo anali Sen no Rikyū, yemwe anamwalira mu 1591. Iye ankaphunzitsa kuti duwa m'chipinda cha tiyi lizioneka monga momwe limakhalira kuthengo. Pali nkhani yomwe Ajapani amakonda kuikamba. Akuti wolamulira dzikolo, Toyotomi Hideyoshi, anamva kuti pakhomo pa Rikyū pamasula maluwa okongola a asagao. Duwa limeneli ndi m'bale wake wa mbatata, mukaona duwa la kholowa ndiye mwaona maonekedwe ake, limatseguka mbandakucha n'kufota masana. Hideyoshi analawirira kukaona, koma atafika anapeza maluwa onse adulidwa, mpanda uli mbee. Analowa m'kachipinda ka tiyi atakwiya, ndipo mmenemo anapeza duwa limodzi lokha lili mumtsuko, mame adakali pomwepo.

Nkhaniyi imandivuta mbali ina, chifukwa kudula munda wonse kuti duwa limodzi lioneke ndi nkhanza ndithu. Koma ikuonetsa zomwe mphunzitsi wina anatiuza ku Kyoto kuja, kuti ntchito yaikulu si kuika, ndi kuchotsa. Anatipatsa nthambi ya masamba ambiri, n'kutiuza kuti tiitembenuze mpaka tione nkhope yake, kenako tidule tsamba lililonse lomwe likubisa mzere wa nthambiyo. Ine mlimi, ndinazolowera kudulira kuti mtengo ubale. Apa tinkadulira kuti diso lione.

M'zaka za m'ma 1700 kunabwera kakonzedwe kofupikitsa kotchedwa shōka, ka nthambi zitatu zokha: yaitali, yapakati, yaifupi. Ambiri amazifotokoza kuti ndi kumwamba, munthu ndi dziko lapansi. Mayi NaPhiri, taonaninso chithunzi chanu. Paini wakwera, kanjedza wapendekera kumbali, akakombo ali m'munsi. Munafika pomwepo popanda wokuuzani.

NaPhiri wa ku Zomba:
A Gondwe, mwandigwetsa misozi. Ine ndimaona ngati ndachita zosowa pogwira.

Mayi a Tamanda:
Chabwino, koma mwanena nokha kuti Hideyoshi anakwiya. Makasitomala anga onse ndi a Hideyoshi.

a Gondwe:
Zoona mayi, ndipo ngakhale ku Japan komweko zinthu sizinaime pamodzi. Maluwa a ku Ulaya atayamba kulowa m'dzikomo, amitundu yowala ndi mapesi aafupi, sankakwana m'mitsuko italiitali yakale ija. Ohara Unshin, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anayamba kuwakonza m'mbale zotambalala zosazama, kakonzedwe kotchedwa moribana, kutanthauza maluwa ounjika. Mu 1927 Teshigahara Sōfū anatsegula sukulu ya Sōgetsu, n'kumaphunzitsa kuti aliyense angakonze, paliponse, ndi chilichonse, kaya chitsulo, mwala kapena chitsa chouma. Ophunzira a sukuluyi amakongoletsa mahotela ndi maholo akuluakulu, zinthu zotalika kuposa munthu. Zazikulu amapanga, koma mpata wa pakati pa nthambi sautaya.

Thoko:
Ine ndikuphunzira zojambula, ndiye ndiikepo za ku Ulaya, chifukwa maluwa odzaza omwe Mayi a Tamanda akunenawa ali ndi kwawo. Mukaona zithunzi zopenta za ku Netherlands ndi ku Flanders za m'ma 1600 ndi 1700, mupeza mtsuko wodzaza mpaka kusefukira, marozi, matulipi, akakombo, zonse pamodzi, kumbuyo kuli bii. Ojambula ake ndi monga Jan Brueghel wamkulu, Ambrosius Bosschaert, Jan van Huysum ndi mayi wina dzina lake Rachel Ruysch, yemwe anabadwa mu 1664 n'kumwalira mu 1750. Mayiyu anabereka ana khumi, koma anajambulabe mpaka atapitirira zaka 80, ndipo zithunzi zake zinkagulidwa pa mtengo wokwera iye ali moyo.

Chomwe chinandidabwitsa m'kalasi n'chakuti mitsuko imeneyo sinakhaleko. Maluwa omwe ali pachithunzi chimodzi samasula nyengo imodzi, ena ndi a kumayambiriro kwa chaka, ena a pakati. Wojambula ankajambula duwa lililonse palokha pa nyengo yake, n'kudzawasonkhanitsa pachithunzi. Komanso maluwa ena anali odula kwambiri moti palibe akanawadula kuti aike m'madzi. Tulipi anachokera kwa Aturuki, ndipo katswiri wa zomera Carolus Clusius anafika nawo ku Leiden, mzinda wa ku Netherlands, mu 1593. Anthu anapenga nawo, makamaka aja a mizeremizere ngati malawi a moto, osadziwa kuti mizereyo ndi matenda a vairasi ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba. Mitengo ya anyezi ake inakwera mopanda nzeru mpaka msika unagwa mu Febuluwale 1637.

Ndiye zinayenda chobwerera. Ojambula anapenta mtsuko wa m'maloto, ndipo patapita zaka okonza maluwa anayamba kutsanzira zithunzizo ndi maluwa enieni. Mulu wa maluwa womwe timauona patebulo la akwati lero, agogo ake ndi chithunzi chopenta.

Chifundo ku Leeds:
Thoko wanena zoona, ndipo munthu amene anatsanzira zithunzi zimenezo poyera ndi mayi wina wa ku England, Constance Spry. Kuno ndinalowa kalabu ya maluwa ya patchalitchi pathu, agogo achizungu a mmenemo dzina limeneli silichoka pakamwa.

Spry anabadwira ku Derby mu 1886. Sanayambire pa maluwa. Anaphunzitsa zaumoyo ku Ireland, kenako anakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya achinyamata osauka kummawa kwa London. Anayamba bizinesi ya maluwa atapitirira zaka 40. Mu 1929 anapatsidwa ntchito yokongoletsa zenera la sitolo ya mafuta onunkhira ya Atkinsons pa Old Bond Street, ndipo m'malo mwa maluwa odula okhaokha anaikamo zomera za m'mipanda ya kumudzi, zomwe anthu ankaziona ngati tchire. Anthu ankaima pamsewu kuyang'ana. Ankagwiritsa ntchito udzu, nthambi za zipatso, zikhokhombe za mbewu zouma, ngakhale masamba a ndiwo a mtundu wa chomoliya. Mitsuko yake nthawi zina inali ziwiya za kukhitchini.

Ndi iye anakonza maluwa a ukwati wa Edward, yemwe anatula pansi ufumu wa ku Britain, ndi Wallis Simpson ku France mu 1937. Mu 1953 anapatsidwanso ntchito ya maluwa pa mwambo wolonga ufumu Elizabeth wachiwiri. Anamwalira mu 1960.

Koma funso la Mayi NaPhiri, loti kodi ndi luso kapena ndi kantchito ka amayi, ngakhale kuno silinathe. Mu 2004 nyumba yoonetsera zinthu ya Design Museum ku London inachita chionetsero cha ntchito za Spry. James Dyson, uja wa makina osesera m'nyumba, anali wapampando wa bodi, ndipo anatula pansi udindo chaka chomwecho, chionetserochi chili chimodzi mwa zomwe sanagwirizane nazo. Kwa iye nyumbayo inali ya zinthu za umisiri, osati maluwa. Ine ndimaona kuti vuto ndi lakuti duwa limafota. Wosema amasiya chosema, woumba amasiya mbiya, koma wokonza maluwa pakatha sabata alibe choloza. Ndiponso ntchito ikangodziwika kuti ndi ya amayi, anthu amaichotsera ulemu. Ku Japan, komwe anayambitsa ndi ansembe aamuna, palibe amafunsa ngati ndi luso.

Bambo Mbewe:
Mfundo yomalizayo ndi yolemera, Chifundo. Ndiyisunga.

Mayi a Tamanda:
Apo pokha ndavomera ndi mtima wonse. Anthu amatha kulipira wojambula vidiyo mosanyinyirika, koma ine amene ndagona 2 koloko usiku ndikumanga maluwa amandiuza kuti nditsitse, ati si maluwa chabe. Koma Chifundo, tandiuzani za siponji yobiriwira ija. Ndamva kuti kwanuko akuiletsa. Ife popanda imene ija ntchito siyenda.

Chifundo ku Leeds:
Siponji ija, yomwe ambiri amangoitchula kuti Oasis, ndi yatsopano poyerekeza ndi mbiri yonseyi. Inapangidwa mu 1954 ku Ohio, ku America, ndi V. L. Smithers. Inasintha zinthu kwambiri chifukwa imasunga madzi ndipo phesi limaima paliponse pomwe walibaya, ngakhale chopendekera. Vuto lake ndi pulasitiki, siola, imangonyenyeka kukhala fumbi lomwe limapita ndi madzi. Bungwe la Royal Horticultural Society, lomwe limachititsa chionetsero cha maluwa cha ku Chelsea, linaletsa siponjiyi pa zionetsero zake kuyambira 2021. M'masitolo ikugulitsidwabe, koma kukalabu kwathu tinabwerera ku njira ya Spry, waya wa khola la nkhuku. Mumaupindapinda ngati mpira n'kuulowetsa mumtsuko, mapesi amagwira m'mabowomo. Waya umodzi mumagwiritsa ntchito chaka chonse, ndipo maluwa amamwa madzi enieni.

Mayi a Tamanda:
Wa nkhuku tili naye wambiri. Pa matebulo ndiyesa. Koma pa chipata cha akwati chija, chomwe maluwa amalendewera m'mwamba padzuwa la Okutobala, siponji sindinaipezere mlowam'malo.

Tembo wa ku Chipata:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mwatchula Iguputo, Japan, Netherlands, England. Nanga ife? Makolo athu analibe luso limeneli? Zikundiwawa kuti nkhani iliyonse ya zokongola imayambira kwina.

Bambo Mbewe:
A Tembo, funso lanu linafunsidwapo ndi katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku Cambridge, Jack Goody, m'buku lomwe anatulutsa mu 1993. Iye anachita kafukufuku zaka zambiri kumpoto kwa Ghana, ndipo anaona kuti kumeneko anthu sankalima maluwa okongoletsera, sankawapereka nsembe, ndipo sankapezeka kwenikweni m'nyimbo ndi m'zosema. Atapita ku Bali, chilumba cha ku Indonesia, anapeza maluwa paliponse, m'tsitsi, pakhomo, pakachisi. Maganizo ake anali akuti kulima duwa losadyedwa kumafuna anthu a chuma chotsala ndi nthawi yotsala, komanso ulimi wa mtundu wina, ndipo madera ambiri a kumwera kwa Sahara moyo unayenda njira ina.

Ine mbali ina ndimamuvomera. Tikanena zoona, agogo anga duwa ankaliona ngati lonjezo la chipatso. Mango akachita maluwa, nkhani inali yakuti chaka chino tidya. Duwa la dzungu ndi chiluwe, ndiwo. Nsembe zathu pansi pa mtengo wa mpoza kapena msolo zinali ufa ndi mowa, osati maluwa. Kukongola tinakuika pa zina: mikanda, mphini, mbiya, nsengwa, zigoba za Gule.

Agogo NaNkhoma:
Aphunzitsi, ndikutsutsaniko pang'ono ngakhale sukulu yanga ndi yochepa. Mzungu ameneyo ankafuna duwa mumtsuko, ndiye sanalipeze. Koma ife zomera timalankhula nazo. Mukapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu, ndani amakuuzani kuti mutsike panjinga? Palibe, masambawo anena kale kuti pano pagwa zovuta. Kukabwera abishopu kapena mlendo wamkulu, tinkadzika nthochi mbali ziwiri za njira, n'kupinda makhwatha a kanjedza pamwamba kukhala chipata, n'kusomekamo maluwa ofiira a pampanda. Panali amayi odziwika m'mudzi kuti awa ndiwo amatha kumanga chipata, ena akamanga chimaoneka ngati khola. Si luso limenelo?

Tembo wa ku Chipata:
Agogo mwandilankhulira.

Bambo Mbewe:
Ndagonja pa masamba a pamsewu, mayi, ndi chitsanzo chabwino kuposa zanga zonse. Chipata cha nthochicho mwina chinakula ndi mipingo, koma manja ake ndi athu. Ndionjezere kuti Africa si mudzi umodzi. Ku Ethiopia chaka chatsopano chimayamba pa 11 Sepitembala (zaka zina pa 12), mvula ikamatha, mapiri atachita chikasu ndi duwa lotchedwa adey abeba. Atsikana amathyola mitolo yake n'kumayenda nayo khomo ndi khomo akuimba. Dzina la likulu lawo, Addis Ababa, limatanthauza duwa latsopano.

Ndipo Thoko, nkhata zija ndinati tifikako. Zinabwera ndi alendo, inde, koma taonani zomwe tinazichita. Pa maliro athu kuyala nkhata ndi mwambo pawokha, woyendetsa mwambo amaitana mmodzimmodzi, wamasiye, ana, akuchimuna, akuchikazi, mafumu, ampingo, akuntchito. Nkhata inasanduka kaundula wa ubale. Ndikaona anthu akuyala, ndimadziwa kuti malemuwa anali ndani kwa yani.

Agogo NaNkhoma:
Chondidandaulitsa n'chakuti masiku ano nkhata zake ndi za pulasitiki ndi mapepala onyezimira. Mukapita kumanda pakatha mvula, zangoti mbwee, zosaola. Kale tinkapinda kanthambi kofewa, n'kumangirira masamba a mkungudza wa pampanda ndi maluwa a pakhomo pa malemu omwewo. Zinkabwerera kudothi limodzi ndi mwini wake.

Thoko:
Chomwe chimandipweteka ine n'chakuti maluwa tili nawo. Ku Nyika kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid. Duwa lija lofiira ndi chikasu lopindikira m'mwamba ngati malawi, lomwe ndi duwa la fuko la Zimbabwe, limamera m'tchire mwathu momwemu nthawi ya dzinja. Marozi a ku Naivasha ku Kenya amakwera ndege usiku kupita kumsika wa Aalsmeer ku Netherlands, n'kukakongoletsa nyumba za ku Ulaya. Koma ife paguwa tikuika apulasitiki ofumbira.

a Gondwe:
Chenjezo pang'ono pa awiri mwatchulawo, Thoko. Lofiira lija ndi poizoni chomera chonse, makamaka mizu yake yonga mbatata, lisamakhale pomwe pali ana. Ndipo a ku Nyika asiyeni komweko, ali kale pa mavuto chifukwa mizu ya mitundu ina imakumbidwa kupangira chinaka, chomwe a Tembo kwanu mumati chikanda. Zokonzera zili pakhomo pomwepo: bango, nsenjere ikachita ngala, nthambi ya mbawa, masamba a chinangwa ofiirira aja, mphukira za nsungwi.

NaPhiri wa ku Zomba:
Ndawerenga zonse kawiri. Mayi a Tamanda, mawu anu sindinawataye, pa Khirisimasi ndi pa Pasaka guwa lidzadzaza ndithu, ndi masiku achisangalalo. Koma Lamulungu likubwerali ndi la zokolola, anthu adzabwera ndi matumba a chimanga ndi nkhuku. Ndaganiza zoika ngala zitatu za mapira, mpendadzuwa umodzi ndi mtsitsi wa dzungu wokhala ndi chiluwe chake, mumtsuko womwe uja. Ndikamuitana mayi anadandaula uja kuti tidzakonze limodzi Loweruka. Vuto langa ndi limodzi. Mtsukowo ndi wa kukamwa kwakukulu, nthambi zimagwera m'mbali. Sabata yatha ndinachita kuthiramo miyala. A Gondwe, anzathuwo amaimika bwanji?

a Gondwe:
M'mbale zosazama amagwiritsa ntchito kenzan, kachitsulo kolemera kokhala ndi timisomali tambiri toloza m'mwamba, mumangobayapo phesi. Koma pa mtsuko ngati wanuwo pali njira yakale yosafuna ndalama, amaitcha kubari. Dulani kamtengo kaawisi ka mphanda, kotalika pang'ono kuposa kukamwa kwa mtsuko, mukakanikize mopingasa m'kati, chala chimodzi kapena ziwiri kuchokera pamlomo, kagwire zolimba mbali zonse. Mapesi onse alowe pakati pa mphandayo, kenako muwatsekere kumbuyo ndi kamtengo kena kowongoka. Akatero amatuluka m'madzi ngati tsinde limodzi.

Mpendadzuwa muudule m'mawa dzuwa lisanatuluke, muchotse masamba onse omwe angamire, ndipo phesi mulidulenso kachiwiri lili m'beseni la madzi, mopendeketsa mpeni, kuti mpweya usalowe m'mitsempha yake. Chiluwe chokha musachithyole Loweruka, sichigona. Mudzachithyole Lamulungu m'mawa popita, mudzachisomeke pomaliza.

NaPhiri wa ku Zomba:
Mphanda ya bwemba ingachite?

a Gondwe:
Ingachite, koma ya gwafa ndi yabwino koposa, imapindika osathyoka. Muyese kaye Lachisanu ndi mtsuko wopanda madzi.